MUVI WA MAREVU UKAYAMBA ULESI, MUSATHAMANGIRE KUGULA DASHIBODI

Mwezi wa June caka ca 2023, alamu anga anandipempha kuti ndiwaperekeze ku Chipata kukagulitsa nshawa. Iwo ali ndi Land Rover Discovery yakale ya dizilo, ya injini ija yodziwika kuti 300Tdi, imene anagula kwa mlimi wina wa kumafamu. Tinanyamuka ku Katete tambala woyamba atangolira, malaiti ali oyaka, hita nayo ili kutipumira mphepo yofunda pakuti kunali cisanu coopsa. Titalowa mu mseu wa tara, maso anga anagwa pa nkoloko ya marevu, ija ikhala pambali pa nkoloko ya liwiro. Alamu akaponda mafuta injini inali kubangula bwino lomwe, koma muvi unali kukwera monga nkhalamba ili kukwera phiri la Mphangwe. Unali kufika pa malo ake iwo atasintha kale giya.

Ndinafunsa kuti, "Alamu, kodi nkoloko iyi idwala?"

Iwo anati, "Isiyeni alamu, inayamba kale zimenezi. M'mawa icita ulesi, koma dzuwa likakwera icira yokha."

Titagulitsa nshawa ndinawaumiriza kuti tikaonetse motoka. Pa shopu ina ya zamagetsi a mamotoka, mnyamata amene tinapeza sanatsegule n'komwe boneti. Anasuzumira pa windo, naponda mafuta kawiri, nagamula kuti dashibodi yafa, pafunika kuitanitsa ina ku Lusaka. Mtengo umene anachula unali kukadya pafupi-fupi ndalama zonse za nshawa zija. Alamu anali atayamba kale kupisa m'thumba kuti asiye ndalama ya cikole. Ine ndinawakoka malaya. Akulu anati safunsa anadya phula, motero tinapita kukafunsa kwa makanika wina wacikulire amene agwirira nchito pansi pa mtengo wa mango.

Mkulu uja analiza injini, nachera khutu kanthawi. Kenaka anauza alamu kuti ayatse malaiti onse pamodzi ndi hita. Muvi unatsika, kulira kwa injini kuli pafupi-fupi cimodzi-modzi. Atazimitsa zonse, muvi unabwerera. Anazima injini, natsegula boneti, natiitana kuti tione lamba. Mkati mwake munali monyezimira ngati galasi, muli ming'alu yambiri-mbiri, ndipo kagudumu ka sipuling'i kamene kamakunga lambayo kanali katafooka.

"Abambo, nkoloko yanu siinama ai," anatero. "Ili kukuuzani kuti lamba aterereka. Tsono lamba yemweyu ndiye azunguza pampu ya madzi."

Apo m'pamene alamu anakumbukira kuti motoka inali kulira kuti kwiii m'mawa uliwonse poiliza, koma anali atazolowera. Mutu wa injini ya 300Tdi ndi wa aluminiyamu, ndipo eni ake a mamotokawa adziwa kuti ukatenthetsa kamodzi kokha ukhoza kupindika kapena kung'aluka. Akanagula dashibodi ina, muvi watsopano ukanacitanso ulesi womwewo, ndipo lamba akanadzaduka tsiku lina pakati pa chire atasenza katundu.

KODI NKOLOKO IMENEYI IWERENGA CIANI?

Ambiri a ife tiyendetsa zaka ndi zaka osaiyang'ana. Azungu aichula kuti tachometer kapena rev counter, ndipo nchito yake ndi kuonetsa kuti injini ili kuzungulira kangati pa mphindi imodzi. Manambala ake ndi 1, 2, 3 kupita m'tsogolo, ndipo pansi pamalembedwa x1000. Muvi ukaloza pa 2, ndiye kuti injini ili kuzungulira ka 2,000 pa mphindi. Motoka itaima, injini itafunda, muvi uyenera kukhala pakati pa 700 ndi 900 m'mamotoka ambiri. Malo ofiira, osayenera kufikapo, ayamba ca pa 4,000 kapena 4,500 m'mapikapu a dizilo, ndi ca pa 6,000 m'mamotoka ang'ono a petulo.

Cofunika kumvetsa ndi ici: nkolokoyo siiona injini. Ingolandira uthenga kucokera kwina, nkuwerenga. Motero muvi ukacedwa, pali malo atatu pamene pangakhale bvuto: kumene uthenga ucokera, m'njira imene udzera, kapena m'nkoloko mwenimwenimo. Malo acitatuwa ndiwo odula koposa, ndipo ndiwo oyenera kuganiziridwa potsiriza. Comvetsa cisoni ncakuti ambiri ayambira komweko.

Koma musanafufuze malo atatuwo, yambani mwadzifunsa ngati muviwo uli kunamadi. Imikani motoka, cotsani giya, kokani handibuleki, ndipo pondani mafuta msanga nkusiya. Khutu lanu likamva injini ikwera msanga pamene muvi utsalira, bvuto lili ku mbali ya nkoloko. Koma ngati injini nayonso ikwera mwaulesi, muvi ulibe mlandu: onani sefa ya mphepo imene yadzala fumbi la m'miseu yathu, ndi sefa ya dizilo. Palinso cina cimene cisokoneza anthu. Pokwera citunda mutasenza matumba, muvi uthamangira kumwamba koma liwiro silionjezeka. Kumeneko ndi kutha kwa kilachi, ndipo nkoloko ili kunena zoona zokha-zokha.

Amakanika ena ali ndi kamakina ka m'manja kopimira marevu ndi kuwala. Amamata kapepala konyezimira pa gudumu la pansi la injini, nkuloza kamakinako, nambala nkuoneka. Kuyerekeza nambala imeneyo ndi muvi kumathetsa mkangano m'mphindi ziwiri.

KUMENE UTHENGA UCOKERA

Injini ya dizilo ilibe mapulagi othetheka moto, motero opanga mamotoka anafuna njira zina zowerengera. Njira imodzi, imene ili pa Discovery ya alamu, pa ma Volkswagen akale a dizilo, pa malole ambiri ndi pa mathalakita ambiri, ndi kutenga uthenga ku alternator, makina aja odzaza batire. Kumbuyo kwake kumakhala poikapo waya polembedwa cilembo ca W. Apa ndipo pagona nkhani. Nkoloko yotere siiwerenga kuzungulira kwa injini, iwerenga kuzungulira kwa alternator, ndipo pakati pa ziwirizi pali lamba. Lamba akamaterereka, injini itsogola, alternator nkumatsatira m'mbuyo, muvi nawo nkumatsatira.

Ici ndico cimasulira cinsinsi ca ulesi wa m'mawa. Pamene mwangoliza injini, batire limakhala ndi njala, ndipo mukayatsanso malaiti ndi hita, alternator imalemera kuizunguza. Lamba wotha sakhoza kugwira, angopalasa. Masana, batire litakhuta ndi malaiti ali ozima, katundu apepuka ndipo lamba agwirako. Alamu anali kuganiza kuti dzuwa ndilo liciritsa nkoloko.

Kuona lamba sikulira sukulu. Zimani injini, cotsani kiyi ndi kuiika m'thumba lanu, kuti mwana kapena mnzanu angailize dzanja lanu lili mkati. Lamba wakale uja woonda, mukamdinikiza ndi cala cacikulu pakati pa magudumu awiri, ayenera kulowa ca pa sentimita imodzi cabe. Lamba wotambalala wa mizere-mizere kawiri-kawiri amakungidwa ndi kagudumu ka sipuling'i, ndipo sipuling'iyo ikatopa, ngakhale lamba watsopano adzaterereka. Onaninso ngati oilo kapena dizilo ili kudonthera pa lamba. Ndaona anthu akupaka sopo kapena kandulo kuti aleke kulira. Kulira kuleka ndithu, koma kuterereka kuonjezeka.

Lamba akakhala bwino, pimitsani alternator ndi mita ya magetsi. Batire lodzala lionetsa mavoti 12.6 injini ili yozima, ndipo injini ikamalira payenera kuoneka pakati pa 13.5 ndi 14.5. Timakala ta mkati mwa alternator tikatha, uthenga wa pa W umafooka pamodzi ndi magetsi. Pali kanthu kenanso kamene ambiri sadziwa. Pa ma alternator ambiri akale, kababu kofiira ka batire ka pa dashibodi ndiko kapereka magetsi oyamba odzutsa alternator. Kababuko kakapsa, alternator imagona mpaka mutaponda mafuta kwambiri, ndipo muvi wa marevu umagona nayo pa ziro. Ngati muvi wanu udzuka pokha-pokha mutaiponda injini mwamphamvu, tembenuzani kiyi osaliza, muone ngati kababu ka batire kayaka.

Si madizilo onse atenga uthenga ku alternator. Toyota Hilux ya injini ya 2L kapena 3L, ndi Land Cruiser ya 1HZ, zimene zili ndi nkoloko ya marevu, ziutenga pa kacipangizo komangidwa pa pampu ya dizilo. Pa zimenezi lamba alibe mbali. Onani pulagi yake, pakuti pamalo pamenepo pamasonkhana dizilo ndi fumbi, ndipo mawaya ake amauma ndi kutentha nkuthyokera mkati.

Mamotoka akale a petulo, monga Peugeot 504 ndi ma Datsun, atenga uthenga pa koilo, ku mbali yolembedwa cizindikiro ca kucotsera kapena nambala 1. Nati yomasuka kapena ya dzimbiri pamenepo ikwana kusokoneza muvi.

Mamotoka atsopanoko, monga ambiri a awa tiitanitsa ku Japan, ali ndi sensa yowerenga kuzungulira kwa injini. Sensayo iuza kompyuta ya injini, ndipo kompyuta ndiyo iuza dashibodi. Apa ndikucenjezeni. Sensa imeneyi ikayamba kufa, injini yeniyeniyo imabvuta: ikana kulira, kapena ingozima panjira ikatentha. Ngati injini iyenda bwino-bwino ndipo muvi wokha ndiwo ucedwa, musalole kugulitsidwa sensa. Pansi pa siteling'i pamakhala soketi ya timabowo 16 pamene makanika alumikiza kamakina kowerenga kompyuta, ndipo masiku ano kena kamatumiza manambala pa foni. Kakaonetsa marevu oyenda bwino pamene muvi utsalira, mwadziwa kuti injini ndi sensa zilibe mlandu. Koma dziwani kuti mamotoka ena akale opangidwira msika wa ku Japan samvana ndi timakina tochipa timeneti.

M'NJIRA, NDI M'NKOLOKO MWENIMWENI

Za m'njira sindicurutsa mau. Mdani woyamba ndi dzimbiri pa waya wa earth, uja wocokera ku batire kupita ku citsulo ca motoka ndi ku injini. Ife alimi tinyamula feteleza, ndipo D Compound ndi Urea zikakumana ndi cinyontho zidya citsulo msanga. Cizindikiro cake ncakuti mivi ingapo isokonezeka pamodzi: mukayatsa malaiti, muvi wa kutentha nawo usuntha. Masulani, palani ndi sandipepa mpaka citsulo ciwale, mangani zolimba. Mdani waciwiri ndi khoswe. Motoka imene igona pafupi ndi nkhokwe, kapena imene muli njere za cimanga pansi pa mipando, ndi nyumba ya makoswe, ndipo iwo akonda kumanga cisa kuseri kwa dashibodi. Waya woluma-luma umene watsala ndi tinsinga tiwiri ucita zodabwitsa zambiri.

Zonsezi zikakhala bwino, ndiye tifika ku nkoloko. M'mamotoka ambiri a zaka za m'ma 1980 ndi 1990, muvi umakhala pa kamaginito kozungulira pakati pa timawaya tokulunga, ndipo mumakhala timafuta tolemera toletsa muvi kunjenjemera. Timafutato tikakalamba timalimba, maka-maka m'cisanu ca June ndi July. Muvi wotere umacedwa pokwera ndi potsika pomwe, kaya malaiti ayaka kaya sayaka, ndipo umamasuka m'motoka mukafunda. Kusiyana kwake ndi bvuto la lamba ndi kumeneko. Dzuwa la October nalo lili ndi zake: limapinda muvi wa pulasitiki mpaka nsonga yake nkumakhuza pa nkhope ya nkoloko. Mukagogoda pang'ono pa galasi muvi nkudumpha, ganizirani zimenezi, kapena mtovu wolumikizira umene wang'aluka ndi mabampu.

Kuseri kwa nkoloko kuli kabolodi ka magetsi konga ka m'wailesi, ndipo pali timakapasita tooneka ngati tizitini tating'ono. Tikakhala zaka makumi awiri kapena atatu timauma kapena kucuca, ndipo muvi umayamba kucedwa kapena kuloza pansi. Timeneti mtengo wake ndi wocepa. Munthu woyenera nchito imeneyi si makanika wa injini ai, koma wokonza mawailesi ndi ma TV amene dzanja lake lizolowera kuwocherera tinthu tating'ono.

M'mamotoka atsopano muvi uliwonse uli ndi kamota kake ka timagiya ta pulasitiki. Timano tikatha, muvi ukakamira, uyenda modumpha-dumpha, kapena ugona pamalo polakwika injini itazima. Ku America, mapikapu a Chevrolet ndi GMC a zaka za 2003 mpaka 2006 anachuka ndi nthenda imeneyi, ndipo mankhwala ake ndi kusintha kamota kokha, dashibodi nkubwerera pamalo pake.

Wofuna kumasula dashibodi ayambe wacotsa waya wa batire wa ku mbali ya kucotsera, ndipo asakhudze mapulagi acikasu, pakuti amenewo ndi a ma airbag. Asanazule muvi aike cizindikiro pamene unagona, apo ai udzanama masiku onse. Ndipo conde, musathire oilo ya injini kapena kupopera mafuta omasulira manati mkati mwa nkoloko. Zimenezo zikoka fumbi, ndipo pakapita mwezi muvi udzaima ndithu.

Ngati mwakakamizika kugula dashibodi yakale ku mashopu a masipeya, samalani. Injini ya petulo ya masilinda 4 ithetheka kawiri pa kuzungulira kumodzi, pamene ya masilinda 6 ithetheka katatu. Nkoloko ya motoka yakale ya masilinda 6 mukaiika pa ya masilinda 4, pamene injini ili pa 900 muvi udzaloza 600. Ya petulo siigwira pa dizilo. M'mamotoka ambiri atsopano makilomita amasungidwa m'dashibodi, ndipo m'ma Volkswagen ndi ma Audi ena dashibodi ndiyo izindikira kiyi, kotero kuti mukaika ina motoka ikana kulira. Cimodzi-modzi mukasintha alternator pa motoka ya W: gudumu lake likasiyana kukula ndi lakale, muvi udzaloza molakwika ngakhale zonse zili zatsopano.

KWA ENI MATHALAKITA

Wa motoka akhoza kuyenda ndi khutu lokha, ndipo kunena zoona mapikapu ambiri a kumunda anabwera opanda nkoloko ya marevu. Koma pa thalakita nkhani ndi ina. Makina okokedwa kumbuyo, monga opukusira cimanga, cigayo, omwazira feteleza ndi opopera mankhwala, ambiri anapangidwa kuti mtanda wa PTO uzizungulira ka 540 pa mphindi, ndipo pa nkoloko pamakhala cizindikiro coonetsa pamene injini iyenera kukhala kuti 540 ikwane. Muvi ukamaloza pansi, woyendetsa amaonjezera mafuta kuti ufike pa cizindikiro, osadziwa kuti makina ali kuthamanga mopitirira. Cotsatira ndi cimanga cosweka-sweka cimene anankafumbwe alowa mosabvuta, mabering'i otentha, ndi feteleza womwazika kupyola pamene munafuna. Inu amene mubwereka thalakita pa kukolola muli ndi ufulu wofunsa ngati nkoloko yake igwira, pakuti cimanga cosweka ndi canu.

Pa mathalakita akale monga Massey Ferguson 135, nkoloko siiyendera magetsi. Iyendera kacingwe kacitsulo kozungulira mkati mwa paipi, kocokera ku injini. Kakauma kapena paipi ikapindika kwambiri, muvi umacedwa, umagwedezeka uku ndi uku, nthawi zina kumveka kulira kuseri kwa dashibodi. Masulani ku mbali ya nkoloko, sololani kacingwe ka mkati, katsukeni ndi palafini, ndipo muone ngati pali tinsinga tothyoka. Kakakhala kabwino pakani girisi wofewa pang'ono cabe, kusiya mbali ya kumtunda youma kuti girisi angakwere kulowa m'nkoloko. Kacingwe komweko ndiko kayendetsa manambala a maola. Kakaduka maola aima, ndipo mwini thalakita amene asintha oilo potsata maola adzapitiriza kulima ndi oilo yakutha ali kuganiza kuti nthawi siinakwane.

Alamu anagula lamba tsiku lomwelo ku Chipata, koma kagudumu ka sipuling'i sikanapezeke, kanacita kubwera pa basi kucokera ku Lusaka patapita masiku anai. Zonse pamodzi, ndi malipiro a mkulu uja, sizinafike ngakhale theka la mtengo wa dashibodi. Ulendo wotsatira tinanyamukanso usiku, malaiti ndi hita zili zoyaka, ndipo muvi unali kuyenda pamodzi ndi phazi lao. Kamatsala kaulesi pang'ono m'mphindi zoyamba kukazizira kwambiri, kamene mkulu uja anati ndi ka timafuta ta m'nkoloko, ndipo anawalangiza kuti akasiye.